Mpeni Umene Ananola Mbuya Wanga

Mukandiona ndavala malaya a manja aafupi, yang'anani mkono wanga wamanzere. Uli ndi ubweya wake wonse, kuyambira pachigongono mpaka pokhala wotchi. Kwa inu palibe nkhani pamenepo, koma kwa kalipentala wakale ndi chinthu cha manyazi. Kalipentala wonola yekha zitsulo zake amayesa mpeni pometa mkono, ndipo zaka zikamapita mkonowo umasalala ngati wa khanda. Ine ndapala matabwa ku Libuyu zaka zoposa makumi anayi, anthu nkumandiyamika kuti ndili ndi dzanja, koma mpeni wa puleni sindinkanola ndine. Ankanola mbuya wanga.

Kuno ife a kum'mawa ndi Abemba timaitanana mbuya. Akuluakulu amati makolo athu anamenyana ndi mikondo mpaka kutopa, kenako anagwirizana kuti azingomenyana ndi pakamwa. Mbuya wako umamunena chilichonse ndipo sakwiya. Akamwalira, ntchito ya pamaliro ndi yako, ndipo suloledwa kulira anthu akuona. Bambo anga anachokera ku Chipata kudzagwira ntchito ya njanji, ake anachokera ku Kasama kudzagwira yomweyo, ife tinabadwira muno mu Livingstone. Sukulu tonse awiri tinaithawa. Ine ndinalekeza giredi faivi, iye sikisi, ndipo giredi imodziyo anandinyadira nayo moyo wake wonse. Ankanditchula kadyambewa, ine ndinkamutchula kadyanyani. Mayina athu enieni ankamveka kutchalitchi kokha.

Shopu yathu inali chisakasa kuseri kwa msika, benchi imodzi, chitseko chomangira waya. Ntchito tinagawana osakhalirana pansi. Ine ndinali wopala, wolumikiza, ndi wonamiza makasitomala za tsiku lodzatenga katundu. Iye anali woyeza, wocheka ndi wonola. M'mawa uliwonse ankakhala pachitini cha penti, mwala wonolera uli pakathabwa pamaondo, nkudonthezera parafini wosakaniza ndi oyilo. Ankayendetsa mpeni atapendeketsa mutu ngati nkhuku yamva kabawi, chifukwa iye ankanola ndi khutu. Akamva chimene amafuna kumva, ankaupukuta pachikhatho, nkumeta nawo pamkono, nkundipatsa.

"Tenga, ukaononge."

Ndinayesapo kuphunzira tili anyamata. Anatenga mpeni umene ndinanola, nauzunguza padzuwa.

"Iyi ni supuni. Peleka kuli bakazi bako."

Ndinasiyira pomwepo. Munthu ukakhala ndi wokunolera suona chifukwa chovutikira.

Chaka china mwini nyumba ina yakale ku Highlands anatiitana kuti tichotse zitseko ndi mashelefu, amafuna kuikamo zagalasi. Zonse zinali za mukusi, mtengo wofiira wolemera wa kuno kwathu umene chiswe chimaulambalala. Anati tikataye. Tinasankha matabwa otambalala bwino, nkuwakweza pamitanda ya denga la shopu. Madzulo ake tikumwa munkoyo, mbuya wanga anayang'ana m'mwamba.

"Aya ni mabokosi yathu. Amene azayamba kufa, munzake amupangile."

"Mukusi ulema. Banthu bazatyoka misana."

"Niye chifukwa chake. Babale banga banidyela maningi, bakachokeko thukuta." Anamwa, napukuta pakamwa. "Koma mvela, kadyambeba. Sinifuna vanishi, sinifuna sandipepa. Sandipepa ni ya banthu bofuna kubisa vinthu. Puleni chabe."

Ndinavomera mosavuta. Ndine ndinkadwaladwala, ndine ndinkasuta. Ndinali wotsimikiza kuti woyamba kupita ndidzakhala ine ndipo vutolo lidzakhala lake.

Zaka ziwiri zapitazo anayamba kuonda. Kuchipatala anamuyeza, anamujambula, anam'patsa mankhwala oziziritsa ululu, kenako anauza mkazi wake kuti akamusamalire kunyumba. Tonse tinamva chimene sanatchule. Tsiku limene anamutulutsa ndinapita kushopu ndekha, ndinayang'ana matabwa aja pamitanda, ndinayang'ananso puleni yathu.

Puleniyo tinaigula yakale kale, kwa mkulu wina wopuma ntchito ya njanji. Inagwapo pasimenti nkung'aluka pakamwa, wowotcherera zitsulo anailumikiza koma kunsi kwake sikunawongokenso. Mpeni wake weniweni mbuya wanga anali ataunola mpaka kutha. Tinkagwiritsa ntchito timipeni ta mumsika, tofewa ngati chitini cha nsomba. Pa paini tinkayenda. Koma mukusi uli ngati unamwa mchenga wa kumene unamera: mpeni wofewa umabuntha usanafike kumapeto kwa thabwa, ndipo mitsempha yake imapingasana, ukamapala mbali ina ikusalala, ina ikuzuka. Ndi puleni yoteroyo ndikanamuika mbuya wanga m'bokosi looneka ngati lalumidwa ndi mbuzi.

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito pa loji ina mumsewu wa Nakatindi. Ndiye anandionetsa pafoni, atatopa ndi kudandaula kwanga. Anthu ena kutsidya kwa nyanja, opanga zida zochepa koma zodula, anali atalengeza kuti atulutsa puleni yatsopano. Thupi lachitsulo cholemera, zopotera za mkuwa, chogwirira cha mtengo wakuda, mpeni wochindikala kawiri kuposa wathu. Panali kakanema ka bambo wina wa ndevu akupala thabwa lolimba, timakoko tikutuluka topyapyala ngati ta anyezi. Ndinakaonera mpaka foni inazima.

"Ni zingati?" ndinafunsa.

Mtengo wake mwana wanga anachita kunong'ona. Sindiutchula, mungandiyese wamisala, ndipo mwina simungalakwe. Ndingoti mwanayu anali atasunga ndalama chaka chathunthu kuti atigulire malata, poti denga lathu limadontha malo asanu, ndipo puleni ndi malatawo zinali kulingana.

"Ba tate, musankhe chimozi," anatero. "Vonse vibili siningakwanise."

Masabata awiri ndinayenda ndi nkhaniyi m'mutu. Ndine wokalamba. Makalipentala a masiku ano amapereka matabwa kumakina, amatuluka osalala munthu asanamalize kumwa tiyi. Makasitomala sasiyanitsa, amangofuna chonyezimira. Chida chimenechi ndikanachigula chifukwa cha ntchito imodzi, ndipo ntchitoyo inali yoti anthu aione tsiku limodzi, nkuikwirira ndi dothi. Mkazi wa mbuya wanga, amene ndimamutchula mlamu, ndi Mtonga, ndipo Atonga chilichonse amachiyeza ndi ng'ombe. Atamva mtengowo anasiya kusenda mbatata.

"Iyo ni ng'ombe, ba mulamu. Ng'ombe ibala. Iyi izabala chani?"

Chifukwa chenicheni ndinamubisira. Kwathu bokosi la munthu wamoyo silitchulidwa, ndipo silipalidwa ngakhale thabwa limodzi, anthu angati ukumuitanira imfa. Ife awiri tinkatchula chifukwa ndife ambuya, koma kwa mkazi wake ayi. Ngakhale kwa mkazi wanga ndinanama. Ndinati maloji akufuna matebulo opala pamanja ndipo ndidzalemera. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, kenako anayang'ana kudenga kumene kumaoneka dzuwa.

"Zaka zonsezi munalemelapo liti imwe? Gulani. Mabaketi tili nayo."

Anadziwa. Sanatchule, inenso sindinatchule.

Tinaitanitsa m'nyengo yozizira. Opanga aja anati ikutuluka mwezi wamawa, mwezi wamawa utafika anati wina. Ine amene ndanamiza makasitomala moyo wanga wonse ndinazindikira chinenero chimenecho, ndipo ndinadziwa kuti Mulungu ali ndi nthabwala zake. Ikatuluka inali yoti ipite ku Joni, kumeneko aitenge dalaivala wa thiraki, mwamuna wa mnzake wa mwana wanga. Masana alionse ndinkatseka shopu nkupita kwa mbuya wanga. Anali atamugoneka m'chipinda chochezera, pafupi ndi zenera, kuti aziona odutsa.

"Yafika?"

"Ikali mu njila."

"Ibwela na miyendo?"

"Ibwela na ulemu. Si monga Babemba bamene bangofika osaitanidwa."

"Ikafika pa boda uniuze, niyambe kulonga."

Ankafuna ndimuonetse chithunzi tsiku lililonse. Ankachikulitsa ndi zala ziwiri monga anamuphunzitsira mwana wanga, nkumayang'ana pakamwa pa puleniyo, nkumatsutsa. Akuti mkuwawo ndi wokopera zitsiru. Akuti chogwiriracho chapendekeka kwambiri. Akuti chitsulo chabwino sachiona ndi maso. Koma mlamu anandiuza kuti m'mawa akadzuka ankafunsa ngati mathiraki a ku Joni adutsa, ndipo masiku amene ankakana phala ankamunyengerera ndi puleniyo. A kuchipatala sanayembekezere kuti aona kutentha kwa Okutobala. Anakuona. Pa zonse zimene ndinaika pasikelo poganizira mtengo uja, ichi sindinachiwerengere.

Tsopano ndinene cholakwa changa, poti ndicho chandikhazika pansi kulemba izi. Miyezi yonseyo ndinkakhulupirira kuti chida cha mtengo wotero chimabwera chakuthwa ndipo chimakhalabe chakuthwa. Ndinkaganiza kuti ndalama zagula ndi kuthwa komwe. Mumtima, kumene munthu sauza mnzake, ndinkati ndapeza wondinolera wina.

Inafika Lachiwiri, dzuwa likuswa mutu. Inali m'katoni, yokulungidwa m'pepala la mafuta. Nditainyamula ndinamva ngati ndanyamula khanda lonenepa. Munthu wanzeru akanapita nayo molunjika kwa wodwala amene anaidikira miyezi inayi. Ine ndinapita nayo kushopu, ndinatenga chidutswa cha mukusi, nkuitana makalipentala anzathu a kuseri kwa msika kuti adzaone. Inapala monga pakakanema paja. Thabwa linatuluka lonyezimira ngati lanyowa. Aliyense anafuna kuyesa, ine nkumalola, nkumafotokoza ngati ndinaipanga ndine. Tinapala m'mawa wonse. Pofika masana inayamba kulira mawu ena, kudumpha, kuzula mitsempha. Ndinachotsa mpeni, ndinauyesa pamkono. Unangodutsa pamwamba pa ubweya ngati ukupereka moni.

Anzanga aja anabalalika mmodzimmodzi. Ndinakhala pachitini cha penti nthawi yaitali, puleni ya mtengo wa denga ili pamiyendo, yobuntha ngati ina iliyonse.

Ndinapita nayo kwa mbuya wanga dzuwa litapendeka. Anaiika pachifuwa, nayendetsa chala kunsi kwake, napotera mkuwa uja uku ndi uku. 

"Ni yabwino," anatero. Moyo wake wonse sindinamumvepo akuyamikira chinthu chimene ndagula ine. Kenako anakhudza mpeni ndi chikhadabo. "Waiyesa pa mukusi."

"Pang'ono chabe."

"Unaitana banthu."

"Babili chabe."

"Wabodza iwe. Musika onse unali pamene apo." Anatembenukira kwa mkazi wake. "Nibweletseleni mwala wanga."

Mlamu anakana, anati munthu wosatha kugwira kapu anola bwanji. Iye anangopitiriza kumuyang'ana mpaka anapita kukautenga. Tinamutsamiritsa ndi mapilo, tinaika kathabwa pamaondo ake, ine ndinagwada pansi nkugwira mwala kuti usaterereke. Chitsulo chatsopanocho chinali cholimba kuposa chilichonse chimene anagwirapo, ndipo manja ake anali atatsala mafupa. Ankayendetsa kakhumi, nkupuma, maso atatseka. Tsiku loyamba sitinafike patali. Tsiku lachiwiri anandipatsa kuti ndiyese, dzanja lake lili pamwamba pa langa.

"Osayang'ana. Mvela. Wamvela kusintha?"

"Namvela."

"Sunamvele chilichonse. Leta, uzanipangila supuni ya mutengo wa ng'ombe."

Tsiku lachitatu anapendeketsa mutu monga kale, nayendetsa pang'onopang'ono, kenako anasiya. Anapukuta mpeni pachikhatho. Anayang'ana mkono wake, koma panalibe chometa, panali patatha zaka zambiri. Ndiye anagwira wanga, nautembenuza, nayendetsa mpeni kamodzi. Sindinamve kanthu. Ubweya unagwera pabulangete, pamkono panatsala kadanga koyera kukula kwake ngati bokosi la machesi.

"Wabatizika," anatero. Anapuma kaye, mlamu atatuluka kukataya madzi. "Manje mvela bwino. Uyu mupeni uzakwanisa chivundikilo chimozi. Osaugwila mpaka siku ija, osaonesa munthu. M'mbali uchite vamene ufuna, kuzaona chiswe chabe. Pamwamba ni pamene bamai aba bazaika dzanja."

 Ndinakulunga mpeniwo m'pepala lake la mafuta.

Anamwalira patapita sabata ndi theka, m'mawa, anthu akupita kuntchito. Sindinalowe m'nyumba ya maliro. Ndinapita kushopu nkutsitsa matabwa, theka lake, enawo ndinawasiya pamitanda. Makalipentala awiri mwa aja anabunthitsa nawo mpeni anabwera okha kudzathandiza kucheka. M'mbali ndi pansi ndiulule: ndinapereka kumakina, ndipo pamene makina anazula ndinapitapo ndi sandipepa. Anandiloleza yekha, ngakhale ndikudziwa kuti akanandiona akanatukwana.

Chivundikiro ndinachisiyira tsiku lachiwiri. Ndinauza anzanga aja kuti apite akathandize kumanda, ndinamanga waya wa chitseko, ndinabwezera mpeni m'puleni. Ndinautulutsa pang'ono kwambiri, woti ukamayang'ana kunsi umangooneka ngati tsitsi. Ndinayambira kumutu. Thabwalo linali lokalamba kuposa ine, lakuda ndi fumbi ndi utsi, koma puleni itadutsa kufiira kwake kunatuluka, fungo la mukusi nkudzaza chisakasa chonse. Sindinapale ngati tsiku lachionetsero lija. Ndisanakankhe ndinkayang'ana kaye kumene mitsempha yalowera, chifukwa kukankha kulikonse kunali kudya mpeni umene sudzanoledwanso ndi mwini wake. Kumutu kunasalala. Pachifuwa panali mfundo, ndinaizungulira cham'mbali, inagonja. Ndinkayika tsaya pathabwa kuyang'ana kuwala kochokera m'ming'alu ya malata, ndipo m'thabwamo munkaoneka mitanda ya denga ngati m'madzi.

Cha m'mawondo mawu a puleni anayamba kusintha. Nthawi imeneyo ndinamva, ine amene sindinkamva. Ndinapitiriza mofatsa, kakhumi, kasanu. Kutatsala kadera kotalika ngati chikhatho kuti ndifike kumapazi, mpeni unazula kachidutswa. Ndinayesanso, unazulanso. Unali utatha.

Mwala wake unali pomwepo, mlamu anali atanditumizira. Sandipepa anali pabenchi. Ndinaganizira zonse ziwiri. Ndikanati ndinole, ndikanachotsa zimene anasiya iye nkuikapo supuni yanga. Ndikanati ndikhule ndi sandipepa, palibe akanadziwa kupatula ine ndi iye. Ndinapukuta fumbi, nkusiya kaderako monga kanalili.

Pamaliro ndinagwira ntchito yanga. Ndinawaza ufa abale ake monga amachitira ambuya, ndinauza anthu kuti anyani a kumathithi atumiza nthumwi kudzathokoza Mulungu, ndinaseka onyamula bokosi amene anasinthana katatu asanafike pagalimoto, malaya atanyowa. Ankafuna thukuta lawo, analipeza. Tisanatseke bokosilo, mlamu anabwera atagwiriziridwa ndi azimayi awiri a mvano. Anaika dzanja pachivundikiro, kumutu. Analiyendetsa pang'onopang'ono kutsika nalo, osayang'ana, monga mkazi wa kalipentala amene wakhala zaka zonse akupukuta matebulo a mwamuna wake. Litafika pokhakhala paja linaima. Analisiya pamenepo.

"Ni apa pamene banatopela, ba mulamu?"

"Ni ulesi wa Babemba," ndinayankha. "Kunola chabe kufika mu mawondo."

Anthu anaseka, iyenso anaseka pang'ono, dzanja lili pomwepo. Ine ndinapita kuseri kwa galimoto kukayang'ana matayala.

Mvula inabwera sabata yotsatira. Mkazi wanga anaika mabaketi asanu m'malo ake osandiyang'ana, ndipo mpaka lero sanatchulepo malata, chimene chimandipweteka kuposa akanalalata. Anthu amandifunsa ngati chidacho chinali choyenera mtengo wake. Ndimayankha malinga ndi tsiku. Ndikudziwa kuti kampeni ka mumsika, ngakhale akanakanola iye, sikakanadutsa pamfundo ya pachifuwa ija. Chitsulo chodulacho chinasunga ntchito ya manja ake kuchokera kumutu mpaka pafupi ndi mapazi, ndipo pamenepo opanga aja sananame. Koma ndikudziwanso kuti m'katoni muja munalibe chimene ndinkaganiza kuti ndagula. Chimenecho chinkakhala pachitini cha penti, moyang'anana nane, zaka makumi anayi, ndipo ndinkachitchula kadyanyani.

Bwana wa loji ya mwana wanga anamva za puleniyi ndipo anatumiza uthenga kuti angaigule pamtengo woti malata nkubwera. Ndinamuuza kuti abwere mwezi wamawa. Wakhala akubwera mwezi wamawa chaka chathunthu.

Kadanga kaja pamkono kanamera pasanathe mwezi. Matabwa otsala akadali pamitanda, ndipo wopala anga sindikumudziwa, mwina adzapita kumakina, ine sindidzakhalapo kuti nditsutse. M'mawa ndimakhala pachitini, mwala pamaondo, parafini ndi oyilo, mutu nditapendeketsa. Mpeni wodula uja sindinaukhudze, ndimaphunzirira pa timipeni ta mumsika. Sabata yatha ndinayesa kamodzi pamkono ndipo panagwa maubweya atatu. Ndinawatola nkupita nawo kunyumba m'kapepala. Mkazi wanga anawayang'ana, nayang'ana mutu wanga, nati pamsinkhu wanga zimenezo zimathothoka zokha.